Sikelo ya mabatire nayo imanama: idziweni musanagulitse mbewu

Nyengo yokolola ikatha, m'misika yathu mumadzaza mavenda ogula chimanga, soya, mtedza ndi nandolo. Ambiri mwa iwo anasiya sikelo ya wotchi ija, yokhala ndi muvi, ndipo tsopano amapachika pamtengo kasikelo ka mabatire kolemba manambala pagalasi. Alimi ena amati kasikelo kameneka sikanama poti ndi kamagetsi. Zimenezo si zoona. Kamanama ndithu, pena chifukwa cha kasamalidwe, pena chifukwa cha dyera la mwini wake.

Kuti mlimi asaberedwe, ayenera kudziwa zimene zili mkatimo. Mukapachika thumba pangowe, kulemera kwake kumakoka kachitsulo kamene kali mkati mwa sikelo, ndipo kachitsuloko kamapindika pang'ono kwambiri moti diso silingaone. Pakachitsuloko anamatapo timapepala tokhala ndi kawaya kopyapyala zedi, koyenda mokhotakhota, kamene akatswiri amati strain gauge. M'kawayamo mumadutsa magetsi ochokera m'batire.

Kachitsulo kakapindika, kawayako kamakokeka, kamatalika ndi kuchepa, ndipo magetsi amavutika kudutsa monga momwe madzi amavutikira mupaipi yotsinidwa. Thumba likamalemera, kuvutikako kumakulanso. Kusintha kumeneku n'kwakung'ono kwabasi, n'chifukwa chake m'masikelo ambiri amaikamo timawaya tinayi, tiwiri tokokeka ndi tiwiri topanikizika, kuti kusiyana kwake kumveke bwino. Kenaka kamakina kowerengera kamasandutsa kusiyanako kukhala makilogalamu amene inu mumawerenga.

Nzeruyi si yalero. Mu 1856 katswiri wa ku Britain, William Thomson, amene pambuyo pake anatchuka ndi dzina loti Lord Kelvin, anapeza kuti waya ukakokedwa magetsi sadutsamo monga kale. Mu 1938 anthu awiri a ku America, Edward Simmons ndi Arthur Ruge, aliyense payekha, anapanga kachipangizo kogwiritsa ntchito nzeruyi. Lero timawaya totere timapezeka m'masikelo oyeza malole pamsewu ndiponso m'zipangizo zoyeza mphamvu ya madzi m'mapaipi.

Tsono popeza sikelo imadalira kupindika kosaoneka ndi maso, zinthu zazing'ono zimaisokoneza.

Choyamba ndi kutentha. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, ndipo waya wotentha nawo umasintha kadutsidwe ka magetsi. Timawaya tinayi tija timachepetsa vutoli koma sitilithetsa. Sikelo yotandala padzuwa ikhoza kupereka manambala osiyana m'mawa ndi masana, choncho ipachikidwe pamthunzi.

Chachiwiri ndi kupyola muyeso. Pasikelo iliyonse amalembapo malire ake. Mukapachika katundu woposa malirewo, kapena mukaponyera thumba pangowe mwamphamvu, kachitsulo kaja kakhoza kupindikiratu osabwereranso, ndipo sikeloyo idzanama mpaka kalekale. Thumba lizitsitsidwa pang'onopang'ono, ndipo lisasiyidwe lili lende nthawi yaitali chifukwa manambala amayamba kusuntha okha.

Chachitatu ndi chinyezi ndi mabatire. Madzi akalowa mkati amawononga timawaya tija, ndipo batire lofooka limachititsa manambala kudumphadumpha. Mukaona zotere, kanani kuyeza mpaka aike batire latsopano.

Chachinayi ndi kapachikidwe. Thumba lilendewere lokha, lisakhudze pansi, mtengo kapena bondo la munthu, popeza chilichonse cholichirikiza chimachotsako kulemera. Dikirani lileke kugwedezeka musanawerenge.

Palinso chinyengo chochita kufuna. Masikelowa ali ndi batani lotchedwa tare, lobwezera manambala pa ziro, limene ntchito yake ndi kuchotsera kulemera kwa thumba kapena dengu. Munthu wadyera akhoza kulidina atakoka ngowe ndi dzanja, ndipo sikelo imayambira pansi pa ziro. Onetsetsani nokha kuti ikuonetsa ziro pangowe popanda kanthu. Onaninso ngati pagalasi palembedwa kg osati lb. Paundi imodzi ndi magalamu pafupifupi 454 okha, ndiye mukamagula chimanga nthawi ya njala, nambala ya mapaundi imaoneka yaikulu pamene chimangacho n'chochepa.

Komabe sikelo ikhoza kuyambira pa ziro n'kumabera ndithu, ngati wina anaisintha kawerengedwe. Mankhwala ake ndi kuiyesa ndi chinthu chimene mukudziwa kulemera kwake. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo mapaketi khumi a shuga a kilogalamu imodzi ayenera kuonetsa makilogalamu 10. Alimi a pakalabu angathenso kuyezeratu thumba la mchenga pasikelo yovomerezeka, n'kumapita nalo kumsika.

Ena anganene kuti makilogalamu awiri n'chiyani. Werengerani: sikelo ikamadya makilogalamu awiri pathumba lililonse la makilogalamu 50, mlimi wogulitsa matumba 25 wapereka thumba lathunthu kwaulere.

M'dziko muno ntchito yoyesa masikelo a malonda ili m'manja mwa bungwe la Malawi Bureau of Standards. Funsani wogulayo akuonetseni chizindikiro chakuti sikelo yake inayesedwa, ndipo ngati mukukaikira, tsitsani thumba lanu mukauze alangizi kapena apolisi. Akuluakulu adati mbewa yamanyazi idafera kuuna. Mbewuzo mwalima ndinu, alimi anzanga, ndiye musachite manyazi kufunsa.