Manambala 20 a pa mita, ndi makompyuta amene saloledwa kucedwa

Ambiri a ife muno mu Chipata tikukumbukira za mu 2024, pamene a Zesco anali kulengeza kuti mita iliyonse ya mayunitsi ikonzedwenso lisanafike tsiku la 24 Novembala. Ukapita kukagula magetsi unali kulandira tokeni zitatu m'malo mwa imodzi: ziwiri zosinthira kiyi wa mita, yacitatu ndiyo ya mayunitsi ako. Cinali caka comwe cija ca cilala, madzi atacepa ku Kariba, magetsi akuthima maola ambiri pa tsiku, mitima ili kale m'mwamba. Ku Kapata, ku Mchini ndi ku Nabvutika ena a ife tinanong'onezana kuti iyi ndi njira yotidyera mayunitsi. Tinalakwa. Nkhani yake inali ya masamu.

M'kati mwa mita muli kakompyuta kakang'ono ka nchito imodzi cabe. Akatswiri amakacha embedded system, ndiko kuti kompyuta yobisika m'mimba mwa cipangizo cina. Mita yotere siifunika kulankhula ndi ofesi. Zonse zimene iyenera kudziwa zili m'manambala 20 timadinda aja: kuculuka kwa mayunitsi, ndiponso mphindi imene tokeniyo inagulitsidwa. Mphindi imeneyi ndiyo imaletsa munthu kulowetsa tokeni imodzi kawiri, pakuti mita imakumbukira zimene yalandira kale ndipo yakale imaikana.

Kuwerenga mphindizi kunayambira pa 1 Januwale 1993, ndipo malo olembamo ciwerengeroco m'tokeni amakwana mphindi 16,777,216 basi. Mukazigawa mupeza zaka 31 ndi miyezi pafupifupi 11, ndiye kuti 24 Novembala 2024. Tsikulo litapita ciwerengero cikanabwerera pa ziro, mita n'kuona tokeni yatsopano ngati ya mu 1993, n'kuikana. Tokeni ziwiri zija zinali zouza mita kuti iyambe kuwerenga kucokera mu 2014, ndipo kuwerenga kwatsopanoku kudzafika mpaka 2045.

Cimene catigwira mtima ife ncakuti tsikuli linadziwika zaka zambiri lisanafike. Linadziwika cifukwa njira ya tokeni si ya kampani imodzi. Imachedwa STS, anaiyambitsa ndi a Eskom ku South Africa mu 1993, ndipo mu 2007 inakhala muyezo wa maiko onse wochedwa IEC 62055-41. Kiyi wa mita yanu ndi wacinsinsi, inde, koma malamulo ake ali poyera. Makampani opanga mamita monga Conlog ndi Landis+Gyr amatsata buku limodzi lomwelo, ndipo zipangizo zao zimapimidwa ndi mayeso amodzimodzi. Conco bvuto linali limodzi ku Zambia, ku Malawi ndi ku South Africa, ndipo mankhwala ake analinso amodzi. Wopanga aliyense akanakhala ndi njira yake yobisa, ambiri tikanadziwa za nkhaniyi tili kale mumdima.

Komabe mita ili ndi mwai umodzi: ikacedwa sekondi imodzi kulandira tokeni palibe cimene cionongeka. Kompyuta ya m'galimoto ilibe mwai umenewo. Tengani ka Corolla ka masilinda anai kamene kanyamula anthu kupita ku Mwami. Injini ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi, mapulagi ayenera kuthetheka maulendo 100 pa sekondi iliyonse, pamene kompyuta yomweyo ikuyeza mafuta, mpweya wolowa ndi kutentha kwa injini. Pamenepa yankho lolondola likafika mocedwa lilibenso nchito.

Nanga wopanga atsimikiza bwanji kuti palibe cimene cidzacedwa? Kuyesa kokha sikukwanira, cifukwa nthawi yoipa ija, pamene nchito zonse zifika pamodzi, mwina siingaoneke pa tsiku la mayeso. Amai amene anaphikapo nsima, ndiwo ndi madzi osamba pa mbaula imodzi alendo ali pakhomo akudziwa zimene tikunena. Mu 1973 akatswiri awiri ku America, C. L. Liu ndi James Layland, anasindikiza njira yowerengera zimenezi pa pepala. Anaonetsa kuti nchito yobwera pafupipafupi iyenera kupatsidwa malo oyamba, ndipo ngati nchito zonse pamodzi sizidya kupitirira magawo 69 pa 100 a nthawi ya kompyuta, palibe imene idzaphonya nthawi yake. Njirayi sanaitsekere m'kabati. Aliyense akhoza kuiphunzira, ndipo wina akhoza kubwereza masamu a mnzake n'kumupeza pamene walakwitsa.

Masamu amenewa anali a nchito zosadikirana. Nchito zikayamba kubwerekana ciwiya cimodzi pamabuka bvuto lina, ndipo linaonekera poyera mu 1997 pa combo ca Mars Pathfinder, cili kale pa dziko la Mars. Kanchito kakang'ono kanagwira ciwiya cimene nchito yofunika kwambiri inali kudikira, nchito zina zapakati n'kumakalanda malo kakang'onoko kasanamalize, ndipo kompyuta poona kucedwako inali kudzizimitsa n'kuyambanso. Akatswiri a NASA anali ndi cinzake ca kompyutayo pansi pano, cokhala ndi cipangizo colemba zonse zocitika m'kati, ndipo analipeza bvutolo. Mankhwala ake anali atasindikizidwa kale mu 1990 ndi Lui Sha, Ragunathan Rajkumar ndi John Lehoczky. Anangotumiza malangizo pa wailesi, combo n'kupitiriza nchito.

Tibwerere kwathu kuno, ku magalaji. Kuyambira mu 1996 lamulo la ku America linakakamiza galimoto zonse zatsopano kukhala ndi soketi imodzimodzi ya mabowo 16 pansi pa ciwongolero, yochedwa OBD-II, ndipo lero mudzaipeza m'galimoto zambiri zimene tigula kucokera ku Japan. Makanika akalumikizapo kamakina kopimira, galimoto imanena yokha pamene pakupweteka. Nambala yakuti P0301 itanthauza kuti silinda yoyamba ikuphonya moto, kaya ndi Toyota kaya ndi Nissan. Ici ncifukwa cake mnyamata wa pansi pa mtengo wa mango, ali ndi kamakina kamodzi ndi foni, akhoza kupima galimoto za mitundu yambiri.

Koma citseko ici anangocitsegula theka. Manambala oyamba ndi P1 wopanga aliyense ali ndi tanthauzo lake, ndipo nchito monga yolembetsa kiyi watsopano nthawi zambiri imafuna cipangizo ca mwini kampani. Apa ndi pamene timaluza ndalama. Tinaonapo mnansi wathu akugula pampu ya mafuta, kenaka makoilo, pomaliza kompyuta bokosi yathunthu yocokera ku Lusaka, pamene bvuto linali waya umodzi wodyedwa ndi khoswe. Safunsa anadya phula, koma nayenso makanika akanafunsa kuti? Tikanakonda kuti acinyamata athu a ku Chipata Trades Training Institute ndi m'magalaji azikhala ndi zipangizo zopimira zoti azibwerekana, ndi buku limodzi lolembamo zimene apeza pa galimoto iliyonse, kuti wobwera pambuyo asayambirenso kulota.

Kwa inu eni galimoto, dziwani kuti nambala ija imanena kumene kukupweteka, osati cimene cayambitsa. P0301 ikhoza kukhala pulagi, koilo, injekita kapena waya. Musanatulutse ndalama ya sipeya, pemphani makanika akulembereni nambalayo pa pepala, ndipo asinthanitse koilo ya silinda yoyamba ndi ya yaciwiri muli pomwepo. Nambala ikasintha kukhala P0302, gulani koilo.