Khalidwe Lovuta Likakhala Matenda

Anzanga, ndifuna kukufotokozerani za matenda ena a maganizo amene ambirife timawayesa mwano chabe. Madokotala amawatcha borderline personality disorder. Wodwalayo amapsa mtima msanga, amaopa kwambiri kusiyidwa yekha, lero akonda mnzake, mawa adana naye, ndipo nthawi zina amadzivulaza. Khalidweli limayamba paunyamata nkukhalitsa zaka zambiri. Kawirikawiri gwero lake ndi chibadwa pamodzi ndi nkhanza za paubwana, osati ufiti ayi.

Chithandizo chake chachikulu ndicho kukambirana ndi katswiri. Marsha Linehan wa ku America, amene anayambitsa njira ina yothandizira odwalawa, anaulula mu 2011 kuti nayenso anadwala ali mtsikana. Tsono mnzathu wotere tisamuseke, timuperekeze kuchipatala.