Nsato ya pa foni si nsato ya m'mapiri mwathu

Masiku ano acinyamata a ku Mkaika, ku Sinda ndi ku Vubwi akuona pa Facebook anthu a ku America akuweta njoka m'mabokosi ndi kugulitsa ana ake. Funso limabwera msanga: kodi nsato zathu sizingatipatse ndalama zotere? Tisanathamangire kuthengo ndi thumba, tiyeni timvetse nkhaniyi.

Njoka imene amaweta aja ndi kansato kocedwa ball python, cifukwa kakaopsezedwa kamadzikulunga ngati mpira. Kwao ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo maiko amene amagulitsa zambiri kunja ndi Ghana, Togo ndi Benin. Kuno ku Zambia kuthengo kulibe. Ndi kofatsa, ndipo kawirikawiri sikapitirira mita imodzi ndi theka.

Kuweta kwake si masewera. Yaikazi imayamba kuikira ikafika zaka ngati zitatu, kamodzi pa caka, mazira asanu ndi limodzi kapena kupitirira pang'ono. Mazirawo amafuna cinyontho ndi kutentha kwa madigiri 31 mpaka 32 kwa masiku pafupifupi 60. Tikumbuke m'mene magetsi anasowera mu 2024 madzi atacepa ku Kariba. Cofungatirira cikazizira nthawi yaitali, mazira amaonongeka. Ndiponso ndalama zambiri zili pa njoka za maonekedwe acilendo, monga zoyera zamawanga acikasu zimene Bob Clark anaswetsa koyamba mu 1992.

Nsato yathu ndi ina. Imakula kupitirira mamita anayi ndipo imaikira mazira makumi angapo m'mauna. Mai wake amadzikulunga pa mazirawo mpaka ataswa. Munthu akagwira yaikazi pa nthawi imeneyi, waononga banja lonse.

Lamulo nalo silinagone. Malinga ndi lamulo la nyama zakuthengo la mu 2015, kugwira, kusunga kapena kugulitsa nyama zotere popanda cilolezo ca nthambi ya boma ya National Parks and Wildlife ndi mlandu. Kutumiza nsato kunja kwa dziko kumafunanso cikalata ca pangano la CITES.

Inde nsato imagwira nkhuku ndi timbuzi, koma imadyanso makoswe ndi ncenzi zimene zimatha cimanga cathu. Makolo athu Acewa sanaione njoka ngati katundu wa malonda: pa kacisi wa mvula wa Makewana ku Msinja, m'dziko la Malawi, Thunga anali njoka yamzimu yolemekezeka.

Tikupempha mafumu ndi nduna za Kalonga Gawa Undi kuti alangize acinyamata. Wofuna kuphunzira za njoka apite ku Kalimba Reptile Park kufupi ndi Lusaka, ndipo ayambe wafunsa a zanyama asanagule bokosi. Nsato ikalowa m'khola, itanani akatswiri adzaicotse. Ya m'phiri isiyeni komweko.