Kaumbidwe ka Zigoba za Kumaso

Amisiri a ku Venice, amene zigoba zawo zimakometsa chikondwerero cha Carnevale chaka ndi chaka, amayamba ndi dongo. Pakuti nkhope iyenera kuumbidwa poyamba, mphuno ndi masaya omwe, ndipo pamenepo athirapo pulasitala, amene akauma asanduka chikombole. M'chikombolemo, atapakamo Vaseline kuti pepala lisakanirire, amayala tizidutswa ta mapepala tonyowa ndi guluu, tina pamwamba pa tinzake, nakanikiza ndi chala m'makona a maso. Wophunzira apewe mphuno yokhota kwambiri, chifukwa imagwira m'chikombole ning'ambika potulutsa. Asathamangirenso kuchotsa chigoba chisanaume, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma koposa zonse, musathire pulasitala pankhope ya munthu, chifukwa amatentha pouma.