Mamita 161: Malamulo Amene Wobisa Geocache Ayenela Kutsatila

Munthu aliyense wofuna kubisa kabokosi katsopano m'masewela a geocaching ayenela kutsimikiza zinthu zitatu: kuti kabokosi kake katalikilana ndi kena kalikonse ndi mamita osacepela 161, kuti mwini malo wavomeleza, ndiponso kuti sanakumbe pansi pokabisa. Akaphonya cimodzi mwa zitatuzi, kabokosiko sikalengezedwa kwa osewela anzake.

Awa ndi ena mwa malamulo a kampani ya Groundspeak ya mumzinda wa Seattle ku America, imene imayendetsa tsamba la pa intaneti la Geocaching.com. Patsambali palembedwa tumabokosi toposa 3 miliyoni tobisidwa m'maiko oposa 190.

Geocaching ndi cibisalilano ca makono. Munthu amabisa kabokosi kosalowa madzi, mkati mwake muli kabuku kosainamo ndipo nthawi zina tuzinthu tosinthana. Akatelo amalemba pa intaneti manambala a GPS oloza pamene kali. Osewela ena amatenga manambalawo ndi kuyamba kufunafuna pogwilitsa nchito foni kapena kamakina ka GPS. Wokapeza amasaina m'kabuku muja ndi kukabwezela pomwe wakapeza, kuti wobwela pambuyo pake adzakapezenso.

Mmene masewelawa anayambila

Kufikila m'caka ca 2000, boma la America linali kusokoneza mwadala uthenga wa masetilaiti a GPS wopita kwa anthu wamba, cakuti makina ao anali kuphonya malo ndi mamita pafupifupi 100. Pulezidenti Bill Clinton analamula kuti kusokonezaku kuleke, ndipo kuyambila pa 2 Meyi cakaco makina omwewo anayamba kuloza malo mosaphonya kwambili.

Tsiku lotsatila, pa 3 Meyi, katswili wa makompyuta Dave Ulmer anabisa ndowa yakuda m'thengo pafupi ndi Beavercreek m'cigawo ca Oregon, nalengeza manambala a malowo. M'ndowamo munali mabuku, mavidiyo, ndalama, legeni ndi citini ca nyemba, ndipo mbali ina ya ndowayo inali yokwililidwa m'nthaka. Lelo ndowa yotele singaloledwe, pakuti kukwilila ndi kuikamo cakudya zonse ndi zoletsedwa.

Mu Seputembala caka comweco, Jeremy Irish anatsegula tsamba la Geocaching.com lili ndi tumabokosi 75 cabe. Panthawiyo panalibe wodandaula za kupanikizana kwa malo. Malamulo anadza pang'onopang'ono pamene ciwelengelo cinali kukwela ndipo eni malo anayamba kufunsa za alendo amene anali kuzungulilazungulila m'malo ao.

Cifukwa cake mamita 161

Nambala ya 161 inacokela ku miyeso ya ku America. Ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a mailo imodzi, kapena kuti mafiti 528. Mtundawu ndi wofanana ndi kutalika kwa bwalo limodzi ndi theka la mpila wa miyendo. Umayesedwa molunjika pa mapu, osati motsatila njila imene munthu angayende wapansi.

Cifukwa coyamba ca lamuloli ndi kupewa cisokonezo. Foni yabwino imaphonya malo ndi mamita pafupifupi asanu pamalo poyela, ndipo imaphonya koposa pamenepo pansi pa mitengo yowilila kapena pakati pa nyumba zosanja. Wobisa amaphonya pang'ono polemba manambala, wofunafuna nayenso amaphonya pang'ono powatsatila. Tumabokosi tiwili tikayandikana, munthu angasaine m'kabuku ka kabokosi kena namaganiza kuti wapeza kamene anali kufuna.

Cifukwa caciwili ndi kulimbikitsa obisa kufufuza malo atsopano. Colinga ca masewelawa ndi kufikitsa munthu pamalo amene sakanafikapo mwa iye yekha, monga pa phili loonela kutali, pa mathithi kapena pa cipilala ca mbili yakale. Popanda lamuloli, aliyense akanaunjika kabokosi kake pamalo amodzi ochuka.

Cifukwa cacitatu cikhudza nthaka yeniyeniyo. Kabokosi kalikonse kamakoka mapazi. Anthu akamapita pa citsamba cimodzi sabata ndi sabata, udzu umafa, kanjila kamabadwa ndipo miyala imagubuduzidwa. Kutalikilana kumacepetsa kuonongeka kotele pamalo amodzi.

Zimene mapu saonetsa

Obisa atsopano ambili amakhumudwa akauzidwa kuti malo ao ali ndi mwini kale, pamene pa mapu akuoneka opanda kanthu. Izi zimacitika cifukwa mitundu ina ya geocache ili ndi zigawo zobisika.

Mu mtundu wochedwa multi-cache, wosewela amayamba pamalo oyamba, pamene amapeza manambala omutsogolela kumalo aciwili, mpaka kukafika pa kabokosi komaliza. Mu mtundu wochedwa mystery cache, manambala olengezedwa si enieni. Wosewela ayenela kumasulila mwambi kapena kuwelengela masamu kuti adziwe pamene kabokosi kali, ndipo malowo sayenela kupitilila makilomita 3.2 kucokela pa manambala olengezedwa aja.

Cigawo ciliconse cimene mwini wake anaikapo cinthu cogwilika cimatenga malo ake a mamita 161, ngakhale siciwoneka pa mapu. Zigawo za multi-cache imodzi zingathe kuyandikana zokhazokha, koma siziyenela kuyandikila kabokosi ka munthu wina. Malo amene palibe coikidwa, monga pamene wosewela amangowelenga caka colembedwa pa cikwangwani cimene cinalipo kale, sawelengeledwa.

Amene amaona zigawo zonse zobisika ndi ofufuza odzipeleka amene kampaniyo inawapatsa udindo wopenda kabokosi kalikonse kasanalengezedwe. Wofufuza amauza wobisa kuti malo ndi otengedwa, koma saulula pamene kabokosi kabisikako kali, popeza kutelo kungaononge masewela a mwini wake. Ncifukwa cake obisa amalangizidwa kuyamba apeza tumabokosi tonse ta m'dela lao, kapena kupempha wofufuza kuti awaonele manambala asanataye nthawi ndi ndalama.

Mamita 161 ndi malile ocepetsetsa, si colinga coti munthu azikwanilitsa. M'cigawo ca Nevada, osewela anandandalika tumabokosi toposa 1,000 m'mbali mwa msewu wa State Route 375, wodziwika ndi dzina lakuti Extraterrestrial Highway. Mu 2011 tumabokosito tinacotsedwa pa mndandanda, dipatimenti yoona za misewu m'cigawoco itadandaula za magalimoto amene anali kuimaima pamsewu moika miyoyo pangozi. Mndandandawo unabwezeletsedwa pambuyo pa zokambilana. Mtunda unali wokwanila, koma kaikidwe kake ndiko kanadzetsa mlandu.

Cilolezo ca mwini malo

Palibe malo opanda mwini. Malinga ndi malamulowa, munthu akapeleka kabokosi kake kuti kalengezedwe amakhala akutsimikiza kuti walandila cilolezo coyenela kwa mwini malo kapena woyang'anila malowo, kaya ndi munthu, khonsolo kapena boma. Wofunafuna sayenela kukakamizika kudumpha mpanda kapena kupyola cikwangwani coletsa kulowa kuti afike pa kabokosi.

Ku America, m'mapaki ambili a boma lalikulu kabokosi sikaloledwa pokhapo akuluakulu a pakiyo atavomeleza. Pamalo otele pamathandiza mtundu wochedwa EarthCache, umene unayamba mu 2004 mogwilizana ndi bungwe la Geological Society of America. M'mtunduwu mulibe kabokosi. Wosewela amafika pamalo, naphunzila za miyala ndi kapangidwe ka nthaka, nayankha mafunso. Popeza palibe coikidwa, lamulo la mamita 161 silikhudza EarthCache.

Malamulowa amagwila nchito m'maiko onse, pamodzi ndi malamulo a dziko lililonse. Muno m'Zambia, malo a m'midzi ali m'manja mwa mafumu, malo osungilako nyama za m'thengo ali pansi pa dipatimenti ya National Parks and Wildlife, ndipo malo a mbili yakale amayang'anilidwa ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission. Amenewa ndiwo oyamba kufunsidwa.

Osakumba, osaononga

Kabokosi sikayenela kukwililidwa, kaya konse kapena mbali yake cabe. Ngati pafunika khasu kapena fosholo pokabisa kapena pokapeza, ndiye kuti lamulo laswedwa. Osewela atazolowela kuti tumabokosi timakhala pansi pa nthaka, aliyense wosowa kabokosi akanayamba kukumba, ndipo kapinga wa paki akanasanduka munda wa maenje.

Nkoletsedwanso kukhomela misomali m'mitengo, kuboola zipupa, kupaka penti pa miyala kapena kusokoneza zisa ndi mauna a nyama. Obisa aluso amagwilitsa nchito zimene apeza pamalopo, monga mphako ya mtengo, mpata wa pakati pa miyala, kapena maginito omatila kabokosi ku citsulo popanda kucisiyila cipsela.

Malo oyenela kuwapewa

Pali malo ena amene munthu wofufuzafufuza m'makona amadzetsa mantha. Malamulo amachula mabwalo a ndege, misasa ya asilikali, masukulu, njanji za sitima, milatho ya misewu ikuluikulu, madamu ndi nyumba za boma. Malo olemekezeka monga manda ndi malo ofukulako zinthu zakale amafunanso kusamala kwapadela.

Zimene zinacitika m'tauni ya Wetherby ku West Yorkshire m'dziko la England mu Julayi 2011 zimaonetsa kuopsa kwake. Wogwila nchito pamalo ena odyela anaona mwamuna akuika kabokosi ka pulasitiki pansi pa cotengela ca maluwa m'mbali mwa msewu, ndipo apolisi anadziwitsidwa. Pakati pa tauni panatsekedwa kwa maola angapo, masitolo anaimitsa malonda, ndipo asilikali odziwa za mabomba anaphulitsa kabokosiko. Pambuyo pake zinadziwika kuti kanali ka geocache.

Pofuna kupewa zotele, obisa amalangizidwa kulemba kunja kwa kabokosi kuti ndi geocache, kusankha cotengela coonekela mkati, ndi kufafaniza zilembo za usilikali ngati agwilitsa nchito bokosi lakale la zipolopolo. Mkati simuyenela kukhala mipeni, zida, mowa, mankhwala, zophulika kapena cakudya, cimene cimaitana nyama. Kabokosi sikayenelanso kukhala njila yotsatsila malonda, ndale kapena cipembedzo.

Udindo sutha pa tsiku lobisa

Kabokosi kayenela kukhala pamalo pake kwa miyezi yosacepela itatu, ndipo nthawi yonseyo mwini wake ndiye wokasamalila. Ayenela kusintha kabuku kakadzala kapena kakanyowa, kukonza cotsekela cikasweka, ndi kupita kukaona msanga osewela akanena kuti sakukapeza.

Ici ndico cifukwa cake munthu saloledwa kubisa kabokosi kumalo amene wangopitako kukaceza. Mlendo wodzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya ku Livingstone sangasiye kabokosi nabwelela kwao kutsidya la nyanja, pokhapo ataonetsa wofufuza dongosolo lomveka, monga munthu wa komweko amene wavomela kukasamalila.

Kampani ya Groundspeak imalangiza kuti munthu ayambe wapeza tumabokosi tosacepela 20 asanabise kake. Akasankha malo, ayenela kufikapo yekha ndi kutenga manambala ndi GPS, makamaka kangapo, m'malo mongoloza pa mapu ali kunyumba. Kabokosi kayenela kukhala kataikidwa kale pamalopo pamene akupeleka pempho lake.

Ofufuza nthawi zambili amayamba kupenda pempho pasanathe masiku asanu ndi awili. Iwo safika pamalopo. Amadalila mapu ndi zimene wobisa wawafotokozela za cotengela, kabisidwe kake ndi amene anapeleka cilolezo. Motelo dongosolo lonse laima pa kukhulupilika kwa wobisa.

Mwini malo akadandaula, kapena mwini kabokosi akaleka kukasamalila, kabokosiko kamacotsedwa pa mndandanda. Mwini wake ayenela kupita kukatenga cotengela cake kuti cisasanduke cinyalala, ndipo malo aja a mamita 161 amatseguka kuti wosewela wina abisepo kake.