PHIRI LA MPHANGWE M'CITHUNZI

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za phiri la kwathu ndi za kajambulidwe kace.

Munthu woyenda pa mseu waukuru wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, akafika pa Katete aona phiri la Mphangwe. Kwa mlendo ndi miyala cabe ndi mitengo, koma kwa ine amene ndinabadwira m'tsinde mwace, ndilo phiri limene amai anali kuyang'anako pofuna kudziwa ngati mvula idza, ndiponso ndiko tinali kutola masuku tiri ana. Nditalowa sukulu ya mishoni ndinabwereka kamera kwa aphunzitsi anga, ndipo cithunzi canga coyamba cinali ca phiri limeneli. Cinaturuka coipa ndithu, pakuti phiri lonse lija linaoneka ngati culu.

Cifukwa cace ndinacidziwa pambuyo pace. Ndinajambula masana, dzuwa liri paliwombo. Nthawi imeneyo mithunzi ifupika, ndipo popanda mthunzi zigwa ndi matanthwe sizioneka. Cotero jambulani mamawa dzuwa litangoturuka, kapena madzulo lisanalowe, pamene kuwala kudzera m'mbali. Dzuwa likhale kumbuyo kwa phewa lanu, osati kumaso kwa kamera. Patsogolo pakhale mtengo, nkhokwe kapena mai wosenza mtsuko, kuti woona cithunzi alinge nazo kukula kwa phiri.

Samalaninso nyengo. Alendo odza ku Kulamba pa Mkaika mwezi wa August, kudzalamba Kalonga Gawa Undi, akajambula phiri ali patali apeza liri mbuu, cifukwa ca utsi wa lupsa ndi pfumbi. M'mwezi wa September mitengo ya mombo iphuka masamba ofiira. Pamenepo sendererani pafupi, mujambule mitengoyo. Koma phiri lathunthu lioneka bwino mvula yoyamba itatsuka mlengalenga, ca mu November kapena December.

Tsono mverani cimene candisautsa mtima. Pa tebulo panga pali zithunzi ziwiri zimene ndinajambula nditaima pa mwala umodzi, ndipo pakati pa izo papita zaka 15. M'cakale muli mitengo yothithikana. M'catsopano muli zitsa ndi malo akuda pamene anaochera makala. Ife amene tiona phiri masiku onse sitizindikira kutha kwace, popeza mitengo igwa umodzi umodzi. Nditaonetsa akuluakulu a kumudzi zithunzizo, anakhala cete nthawi yaitali, kenaka mmodzi anaturutsa mau nati nkhaniyo ipite kwa amfumu. Iwo adziwa kuti mitengo ndiyo igwira nthaka, ndipo ikatha, mvula ikokolola dothi ndi mitsinje iuma msanga.

Inu amene muli ndi phiri kwanu, sankhani malo amodzi, muime pomwepo mwezi womwewo caka ndi caka, ndi kulemba tsiku pa cithunzi ciriconse. Mukatero mudzaona zimene maso aiwala, nthawi yocitapo kanthu ikalipo. Tsalani bwino.