MWINI NZERU NDI MWINI KALATA

Lero tikambe za munthu wa ku America, dzina lace John Martinis, ndi za makina amene wagwirapo nchito zaka zambiri, ochedwa kompyuta ya quantum.

Kompyuta wamba imawerenga ndi tizinthu tonga nyale ya pa cisoti ca munthu wa pansi pa mgodi: yayaka, kapena yazima, basi. Koma m'makina a quantum kanthu kowerengerako, kochedwa qubit, kakhoza kukhala koyaka ndi kozima pa nthawi imodzi, kufikira munthu atakapima. Kuti katero kafunika kuzizira koopsya, pafupi madigiri 273 pansi pa ziro, ndipo mbale za m'kati mwa cozizitsira cace nza mkuwa wokutidwa ndi golidi. Inu okumba mkuwa, nkhaniyi siili kutali monga muyesa.

Mu 1984 ndi 1985 Martinis, akali wophunzira ku Berkeley, pamodzi ndi John Clarke ndi Michel Devoret, anaonetsa kuti zodabwitsa zotere sizicitika m'tizinthu tosaoneka tokha ai, zicitikanso m'kanjira ka magetsi kopangidwa ndi anthu. Mu 2014 analowa nchito ku Google. Mu 2019 gulu lace linalengeza kuti makina ao a maqubit 53 anatsiriza samu ina m'masekondi 200, imene kompyuta yaikulu ikadatha nayo zaka 10,000. A IBM anatsutsa, nati masiku awiri ndi theka akadakwanira. Mu 2025 atatu aja analandira mphotho ya Nobel.

Tsono apa mvetsani. Munthu akatulukira cinthu catsopano, boma limampatsa kalata yochedwa patenti, yoletsa ena kupanga kapena kugulitsa cinthuco popanda cilolezo, kawiri-kawiri kwa zaka 20. Pa makalata otere a nchito ya ku Google dzina la Martinis lilipo monga wotulukira, koma mwini wace ndi kampani. Pamene anacokako mu 2020, makalatawo anatsala komweko. Ine sindiyesa kuti anambera, pakuti cozizitsira cija ndi malipiro anagula ndi kampani. Komabe mfita wa pa mgodi amene wakonza cida cabwino m'nthawi ya nchito awerenge bwino pangano lace lolowera nchito, cifukwa nayenso zikhoza kumcitikira zomwezo.

Za mmisiri wodzigwirira yekha nzosiyana. Ngati muli ku Petauke ndipo mwapanga makina atsopano osendera nshawa, kapena ku Nyimba oumitsira nthoci, nzeruyo njanu. Musafulumire kuwagulitsa pa msika, pakuti cinthu codziwika kale ndi anthu onse nkobvuta kucilembetsa. Yambani mwafunsa ku ofesi ya PACRA ku Lusaka. Wofuna citetezo m'maiko anzathu apite ku ARIPO ku Harare, bungwe limene pangano lace linasainidwa mu Lusaka mu 1976.